Mlonda wa Pansi pa Nyanja

AGOGO: Iwe mkazi wanga, chibwerere ku Pemba kuja maso ali pa foni basi. Nsomba ya ku Mozambique yomwe unandilonjeza ili kuti?

MDZUKULU: Ndabwera nayo, agogo. Nayi apa.

AGOGO: Ya pa galasi? Ndiye tidyera nsima chithunzi? Tabweretsa. Aa! Yapsa ndi moto kapena mwaipaka penti?

MDZUKULU: Ndi mmene inabadwira. Yofiira thupi lonse, mamba ake ali ndi mphepete zoyera, ndipo ndi okhakhala moti amatupula chala. Azungu amati nsomba ya gologolo. Ya mtundu uwu akatswiri amaitchula Sargocentron spiniferum.

AGOGO: Dzina lomweli munthu ungatsamwe nalo. Ine ndapalasa bwato kuyambira Msaka mpaka Makanjira, sindinaikolepo.

MDZUKULU: Simungaikole kuno. Ndi ya m'madzi amchere ofunda, m'matanthwe a korali, kuyambira gombe la kum'mawa kwa Africa mpaka ku Hawaii. Woyamba kuilemba m'buku, Peter Forsskål, anaipeza ku Nyanja Yofiira.

AGOGO: Yomwe anawoloka Mose ija? Basi, zamveka. Inasamba m'menemo.

MDZUKULU: Agogo, nyanja ija si yofiira ngati tomato ayi. Ndipo bamboyo sanalione n'komwe bukulo. Anamwalira ndi malungo ku Yemen mu 1763, buku n'kutuluka mu 1775.

AGOGO: Malungo omwewa? Pepa mzungu. Koma tandiuza, nsomba yanzeru ingavale zofiira pakati pa adani? Usipa umachita kuvala zoyera kuti usokonekere ndi madzi.

MDZUKULU: Apo ndiye pali nzeru yake. Kuwala kwa dzuwa kukalowa m'madzi, mtundu woyamba kuzimirira ndi wofiira. Mukangotsika mamita ochepa, chinthu chofiira chimaoneka chakuda bii. Nsomba imeneyi masana imabisala m'mapanga ndi m'ming'alu ya miyala, imatuluka kukada. Mumdima umo palibe amene akuona kufiirako.

AGOGO: Oho, ndi mlonda. Masana tulo, usiku ntchito. N'chifukwa chake maso ali tong'o chonchi.

MDZUKULU: Eya, maso aakuluwo amatolera kuwala kochepa komwe kulipo. Ndiye imasaka nkhanu, tizilombo ta zigoba ndi tinsomba.

AGOGO: Malipiro ake nkhanu. Bola iyeyo amalandira tsiku lomwelo.

MDZUKULU: Ndiponso imalira.

AGOGO: Imalira? Ndiye bwanji osanena poyamba paja kuti ndi nkholokolo? Mwapita mpaka ku yunivesite, tagulitsa mbuzi, kukaphunzira nkholokolo yofiira!

MDZUKULU: Si nkholokolo, agogo. Nkholokolo ili m'banja la milamba, ilibe mamba, ndipo imalira pokhukhuza minga ya zipsepse zake za m'mbali.

AGOGO: Zimenezo usandiphunzitse. Dzanja ili lili ndi zipsera zake.

MDZUKULU: Iyi imalirira m'kati. Mukatumbula nsomba mumapeza kathumba ka mpweya kaja, eti? Nsomba za banja limeneli zili ndi minofu yomwe imanjenjemeretsa kathumbako, n'kumamveka kugunda ndi kung'ung'udza. Zimatero zikaona mdani kapena mnzawo akafuna kulanda phanga.

AGOGO: Milandu ya malo mpaka pansi pa nyanja. Amfumu awo ndani?

MDZUKULU: Munga. Taonani apa, patsaya, pafupi ndi makha. Munga wautaliwo uli ndi ululu. Ukakubaya dzanja limatupa, ululu wake wosagonetsa.

AGOGO: Ndiye asodzi a ku Pembako amaigwira bwanji?

MDZUKULU: Mosamala. Kawirikawiri imakodwa ndi mbedza usiku kapena m'mono. M'banja lawo ndi imodzi mwa zazikulu kwambiri, imatha kufika masentimita 50.

AGOGO: Mkono wonsewu? Aa, ndiye ndayamba kuipatsa ulemu. Imeneyo ndi ndiwo ya alendo. Nanga ana imalera bwanji? Chambo chimafungatira ana m'kamwa mpaka atachangamuka. Kampango amakhala pachisa, mwamuna ndi mkazi, kulondera ana.

MDZUKULU: Iyi simalera. Yaikazi imangotaya mazira m'madzi, yaimuna n'kuthira mbewu yake, basi. Mazira amatengedwa ndi mafunde kupita pakati pa nyanja. Ana akaswa amakhala oyera ngati siliva, ali ndi munga wautali pamphuno, amayandama kumeneko mpaka atakula pang'ono. Kenako amafuna matanthwe okhala, n'kuyamba kufiira.

AGOGO: Ulemu uja ndabweza. Kubereka n'kuponyera mafunde? Kuno tikanaiitanira ankhoswe.

MDZUKULU: Komatu mwa njira imeneyo yafalikira nyanja ziwiri, ya India ndi ya Pacific. Chambo chanu cholera bwinocho chinafika kuti?

AGOGO: Chinafika pa mbale yanga, komwe kuli kofunika. Tsono funso lalikulu: imadyedwa?

MDZUKULU: Imadyedwa, mnofu wake ndi woyera. Koma m'madera ena nsomba zikuluzikulu za m'matanthwe, kuphatikizapo iyi, zimakhala ndi poizoni wotchedwa ciguatera. Amachokera ku tizomera tosaoneka ndi maso tomwe timadyedwa ndi tizilombo, tizilomboto n'kudyedwa ndi nsomba.

AGOGO: Si kungowiritsa kwambiri?

MDZUKULU: Satha ndi moto. Kaya muwotche, kaya muyanike, ali momwemo. Munthu amasanza, milomo imachita dzanzi, madzi ozizira n'kumawamva ngati akumuwotcha.

AGOGO: Taimani ndiwerenge. Mamba amacheka, tsaya limabaya, ana simalera, ukaidya mwina upita kuchipatala. Ndipo iwe wakwera basi masiku awiri kukaijambula.

MDZUKULU: Koma ndi yokongola, agogo, vomerani.

AGOGO: Kukongola ndavomera. Ikhale konko ku Pemba. Uzimitse foniyo, ukauze agogo ako aakazi aike utaka pamoto.