Kunenepa kwa ku Fingoé

Ku Fingoé, likulu la boma la Marávia, mayi akauzidwa kuti “mwanenepatu” amayankha kuti zikomo. Ndiye kuti kwawo nkhokwe ndi yodzaza ndipo bambo akusamala. Woonda amafunsidwa monong'ona ngati akudwala.

Koma madzulo, pakhomo pamene pali sola, TV Miramar imaonetsa masewero a ku Brazil: akazi a ziuno ngati mavu, akulirira chikondi m'nyumba zopanda mtondo ndi munsi. Mawa lake mtsikana wayamba kubweza mtanda wachiwiri wa nsima, azakhali ake n'kuyamba kuwerenga miyezi.

Abambo okha nkhaniyi siikuwakhudza. Mimba ikatsogola amati ndi ya ndalama, n'kuitanitsa kapenta wina wa ku Cahora Bassa.