Kachasu Apatsidwe Mpando Wake

Kwabwera mtundu wa anthu odzitcha akatswiri olawa mowa. Amakwera ndege kukanunkhiza absinthe ku Switzerland, kukapsontha sake ku Japan, pobwera n'kumatisimbira kuti pakhosi panayaka moto wokoma. Anthu omwewa akamadutsa pa Dwangwa mumsewu wa M5 amakweza magalasi a galimoto, osadziwa kuti chimene akukachifuna kutsidya kwa nyanja zamchere chikudontha kuseri kwa nyumba yaudzu. Ndikunena kachasu, amene ena amamutcha jang'ala. Mlandu wake wakhala ukuzengedwa iye palibe, ndiye lero alankhuliridwe.

Nzimbe za pa Dwangwa zimatulutsa zinthu zitatu, ndipo ziwiri mwa izo sizigona pakhomo. Fakitale ya shuga inayamba kugaya kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ili m'manja mwa Lonrho, kenako Illovo inaitenga mu 1997, ndipo shuga wake amakwera malole kupita m'mizinda ndi kunja. Madzi akuda otsala popanga shuga, aja amati molasesi, amapita ku Ethco, kampani imene kuyambira 1982 imatcheza ethanol wosakaniza ndi petulo. Kunena mosabisa, mowa woyengeka kwambiri wa pa Dwangwa umamwedwa ndi galimoto. Nanga wodula nzimbe uja, amene amalowa m'munda wotenthedwa kusanache n'kutuluka thupi lonse lili bii ndi mwaye, msana utauma, gawo lake lili kuti? Galimoto alibe. Kachasu yekha ndiye amam'kumbukira. Mayi wapamudzi amagula shuga yemweyo pagolosale, n'kumubweza kwa amene anamukhetsera thukuta, tsopano ali m'velemoti. Ndalama ya wodulayo siikwera lole. Imatsalira pamudzi, n'kugulira mwana wa wotchezayo yunifolomu ndi makope. Ndi fakitale iti ina m'Malawi muno imene mkazi wamasiye angaitsegule ndi mtsuko, mpope ndi nkhuni?

Luso lake nalo silochepa. Gaga, shuga ndi madzi zimavundikiridwa masiku angapo mpaka zitawira zokha, fungo n'kumamveka kwa aneba. Zikapsa amazithira mumtsuko kapena m'dramu, pakamwa n'kumatapo kuti nthunzi isapeze pothawira koma mumpope wokha. Mpopewo umadutsa m'kabwato ka madzi ozizira, ndipo kumapeto kwake kumagwa dontho, kenako lina, m'botolo lokhazikidwa pansi. Moto ukakula mowa umapserera, ukachepa tsiku limatha botolo lisanadzaze, ndiye wotcheza sachoka pamalopo, maso ali psuu ndi utsi. Botolo loyamba ndi lija amati mutu. Wogula akakayika sapita naye ku Malawi Bureau of Standards. Amangodonthezera pang'ono pamoto, lawi lobiriwira likalilima nkhani yatha. Sake, mowa wa mpunga uja, mphamvu yake imangozungulira pa 15 pa 100, koma mu 2024 UNESCO inaika luso loufulula m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse. Mpunga nafe timalima kuno ku Nkhotakota, sitikuwachitira nsanje. Absinthe amafika 70 pa 100, ndipo omwa amaika kachibulumwa ka shuga pasupuni yoboola n'kumadonthezerapo madzi ozizira, mwambo wonse kuti athetse kuwawa. Kachasu shuga wake anamwera kale m'dramu, safuna supuni.

Otsutsa adzati mowawu ndi wakupha. Absinthe ananenedwanso chimodzimodzi: ankati amapengetsa, mpaka Switzerland inamuletsa mu 1910, America mu 1912, France mu 1915. Anthu a m'chigwa cha Val-de-Travers anapitiriza kumutcheza mobisa, apolisi akuwasaka. Mu 2005 Switzerland inachotsa chiletso, France mu 2011, ndipo lero pamudzi wa Môtiers pali nyumba yosungiramo mbiri ya mowawo, alendo akulipira pakhomo. Zaka 95 zinakwana kusandutsa chigawenga kukhala chonyadira cha dziko. Kachasu akungodikira nthawi yake. Ndipo pa nkhani ya kuphayi, ndi mowa uti woona mtima kuposa iye? Mowa wa m'mafakitale umalemba chenjezo m'timalemba ting'onoting'ono ta Chingerezi kuseri kwa botolo. Kachasu chenjezo lake amalilemba pankhope ya womwa: masaya otupa, milomo yofiira, mapazi osalowa m'nsapato, manja onjenjemera m'mawa mpaka atalandira toti yoyamba. Ngakhale amene sanapite kusukulu amawerenga. Chiwindi chimauma ndithu, komatu sichiuma mwakabisira. Tisaiwalenso kuti mowa umene unalowa m'matumba a ana asukulu sunachokere mumtsuko. Anali masacheti, opangidwa ndi makampani olembetsedwa, okhoma msonkho, mpaka boma linawaletsa mu 2015, Zambia italetsa kale tujilijili take mu 2012. Kachasu sanadzipinde m'kapulasitiki kuti akwane m'chikwama cha mabuku. Zoti ena amathiramo feteleza kapena zina zosadziwika kuti akalipe msanga, umenewo ndi mlandu wa adyera. Mbuzi ikadya chimanga sitimanga khola m'malo mwa mbuzi.

Otsala adzati amapasula mabanja, kuti malipiro a mwezi amathera pashabini ana akugona ndi njala. Apa pokha mawu anga achepa pang'ono, chifukwa mwana wa wotcheza akamapita kusukulu ndi yunifolomu yatsopano, wa womwa amakhala atabwezedwa. Komabe taonani chifundo chake. Palibe banki imene ingakongoze wodula nzimbe popanda chikole, pomwe pashabini dzina lake limalembedwa m'kope mosafunsa mafunso, mwezi ukatha n'kulipira zonse, mawa lake n'kuyambanso tsamba latsopano. Nyengo yodula ikatha chakumapeto kwa chaka, ntchito n'kuima, kachasu sam'chotsa munthu ntchito. Msodzi amene wagulitsa usipa m'mawa n'kumwera ndalama yonse amagona chigonere pamchenga, ndipo mwera ukakuntha usiku umenewo iye sali panyanja. Anthu opulumutsidwa motere palibe amawawerenga.

Choncho akatswiri olawa aja asungeko ndalama ya ndege. Atsike pa Dwangwa tsiku lamalipiro, afunse kumene kukutuluka utsi, aitanitse mutu, osati wachiwiri wosungunula uja. Ayambe adya nsima, foni ndi nsapato asungitse kwa munthu wosamwa, ndipo woyendetsa galimoto asalaweko ngakhale dontho, pakuti chipatala chachikulu cha boma chili ku Nkhotakota, makilomita opitirira 50 kuchokera pamenepo.