Phukusi la Moyo m'Thumba la Mlendo

Makolo anagamula kalekale kuti phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo chigamulochi chinakhala chopanda wochitsutsa kufikira pamene akatswiri a makompyuta, anthu amene safunsira nzeru pabwalo la mfumu, anakonza njira yotumizira mauthenga imene maziko ake ndi kusungitsa phukusi kwa aliyense wodutsa m'njira. Njirayi imathandiza kumene kulibe nsanja za netiweki, kapena kumene netiwekiyo imabwera ndi kuchoka mosatsanzika. Foni imene ili ndi uthenga imausunga, mwini wake n'kumayenda nawo m'thumba, ndipo ikayandikana ndi foni ina pamtunda umene Bluetooth kapena Wi-Fi imafika, imaupatsira mwakachetechete, eni mafoniwo asanapatsane n'komwe moni. Kamangidwe ka netiweki zopirira kuchedwa zotere, kamene Kevin Fall analongosola mu 2003, kamayamba ndi kuvomereza kuti mwina sipadzapezeka mphindi imene msewu wonse wochokera kwa wotumiza kukafika kwa wolandira udzakhale wotseguka.

Funso lovuta ndi lakuti phukusilo apatsidwe ndani. Mu 2000, Amin Vahdat ndi David Becker a ku yunivesite ya Duke anayankha kuti apatsidwe aliyense, kutanthauza kuti foni iliyonse izikopera uthengawo mu foni iliyonse imene yakumana nayo, monga mmene miseche imayendera pachitsime. Uthenga wotere umafika msanga, koma mtengo wake ndi wakuti mafoni onse a m'deralo amadzaza ndi nkhani za eni ake, batire n'kumatha chifukwa cha malonje a anthu osawadziwa. Mu 2005 ena anachepetsa phokosoli polamula kuti makope akhale owerengeka, ndipo amene watsala ndi kope limodzi adikire kufikira atakumana ndi wolandira uthengawo. Komabe nzeru yokoma kwambiri inachokera ku Luleå m'dziko la Sweden, kumene ofufuza ankaganizira za Asami, anthu oweta nyama zonga mphalapala kumapiri akutali ndi nsanja. M'njira yawo, yotchedwa PRoPHET, chipangizo chilichonse chimakumbukira amene chimakumana nawo kawirikawiri, ndipo phukusi limaperekedwa kwa amene mbiri yake ikusonyeza kuti sachedwa kuonana ndi wolandira. Zotsatira zake n'zochititsa manyazi kwa anthu amakhalidwe abwino: munthu wokhazikika pakhomo, amene akuluakulu amamutchula polangiza ana, alibe phindu lililonse, pamene woyendayenda, amene sadziwika kumene wagona koma amapezeka pamsika, pabwalo la mpira ndi pamaliro aliwonse, ndiye mzati wa netiweki yonse.

Amthenga okhulupirika kuposa onse m'mbiri ya lusoli sanali anthu. Mu 2004 ofufuza a ku Princeton anaveka mbidzi za ku Mpala m'dziko la Kenya makolala olemba kumene nyamazo zayenda, ndipo makolalawo anakonzedwa kuti azipatsirana zolembazo mbidzi zikakumana, kuti wofufuza wodutsa pagalimoto atole nkhani za nyama zambiri kwa imodzi yokha. Palibe mbidzi imene inapempha kangachepe. Ku India ntchito yonyamula mauthenga a m'midzi inapatsidwa kwa mabasi, ndipo ku Cambodia kwa njinga zamoto.

Mwambi uja umayamba kumwetulira pamene wonyamula ali munthu. Choyamba, munthu amazimitsa Bluetooth kuti asunge batire, ngakhale kuti iye mwini amafuna kuti ena amunyamulire mauthenga ake, ndipo khalidweli lafala kotero kuti m'mabuku a akatswiri muli nkhani zambiri zokambirana za zipangizo zodzikonda ndi mmene angazinyengerere ndi mphotho. Chachiwiri, wosunga phukusi amakhala ndi chidwi chofuna kudziwa zimene zili m'kati. Pulogalamu ya Bridgefy inatchuka pa zionetsero za ku Hong Kong mu 2019, koma chaka chotsatira ofufuza a ku Royal Holloway ku Britain anasonyeza kuti munthu wa zolinga zoipa akanatha kuwerenga mauthenga a ena, kudzionetsa ngati munthu wina, ndiponso kuzindikira kuti ndani akulankhula ndi yani. Mankhwala ake ndi kusokoneza malemba mwamasamu kuti wolandira yekha, amene ali ndi kiyi, ndiye awamasule, zimene zikutanthauza kuti akatswiriwo amasungitsa phukusi kwa mnzawo pokhapokha atalimanga mfundo yoti mnzawoyo alephere kuimasula.

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale masamu sanachithetse, ndicho chakuti palibe amene angalonjeze tsiku lofika. N'chifukwa chake phukusi lililonse limalembedwa nthawi yothera mphamvu, ndipo nthawiyo ikakwana, foni iliyonse imene yalinyamula imalifufuta popanda kupepesa, kuopa kuti uthenga woitanira abale ku chinkhoswe ungawapeze pamene banjalo likukonzekera kubatizitsa mwana wachiwiri.