Boma labweza ngongole ya a Hedi

Ku Lifuwu ndalama sizigona m'nyumba. Za usipa zimabwera mbandakucha, dzuwa likamafika paliwombo zapita kale. Za mpunga wa kusikimu zimabwera kamodzi pachaka, ndipo kawirikawiri zimapeza mwini wake atazidya kale mpunga udakali m'madzi. Ndiye musadabwe kuti anthu anagwira pakamwa atamva kuti a Hedi, aphunzitsi aakulu amene anapuma pantchito, akongoza boma K500,000.

Eya, boma lenileni. Kumayambiriro kwa 2023 anatapa pa penshoni yawo, nakwera kabaza mpaka ku Salima, nakauza a kubanki kuti awagulire ma Treasury bill. Boma likaperewedwa, Reserve Bank of Malawi imaitana amene ali nazo kuti alikongoze kwa masiku 91, 182 kapena 364, ndipo tsiku likakwana limabweza ndi chiwongoladzanja. A Hedi anasankha 364. Anazifotokoza zimenezi pa bawo mpaka wosewera nawo anaiwala kuti inali nthawi yake yotakata.

Kuyambira pamenepo ngakhale kakhalidwe kawo pampando kanasintha. Nkhani za pa wailesi ankamvera ngati mwini ngongole. Akamva kuti akuluakulu ena akwera ndege kupita kumsonkhano, ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Zanga zimenezo."

Amayi a banki mkhonde sanagome nazo. "Bambo, ife munthu akalephera kubweza timakanyamula mapoto ndi mphasa. Nanga inu boma likakana, mukanyamula chiyani? Capital Hill?" Wakatapila wa pamsika atamva kuti phindu lake ndi K100,000 pachaka chathunthu, anavula chipewa n'kuwapepesa. Alovi akudoko anangoti fodya wako ndi amene ali pamphuno, n'kupitiriza kusoka chilimira.

A Hedi sanatekeseke. Iwo anakula ndi kabuku ka kupositi, nthawi imene munthu ankapereka ndalama pazenera, kalaliki n'kumenya chidindo chomveka mpaka panja. Banki ya positiyo inadzakhala Malawi Savings Bank, imene boma linagulitsa kwa FDH mu 2015, koma kabukuko kadakali m'sutikesi, pansi pa mtchatho wa ukwati.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Madzulo amenewo wailesi anaitseka msanga. Malata amene ankafuna kufolerera khitchini anakwera mtengo m'sitolo, pamene ndalama zawo zinali chikhalire ku Lilongwe kudikira tsiku la 364.

Tsikulo linakwana ndithu. Anavala jekete ndi tayi, kutentha konse kuja kwa kunyanja, m'mutu muli K600,000. Pepala limene mtsikana wa kubanki anawapatsa linati K580,000. Anavala magalasi, nawavula, nawapukuta, nawavalanso.

"Mwana wanga, apa padutsa dzanja la munthu."

"Ayi bambo, ndi msonkho. Pa chiwongoladzanja amadulirapo 20 pa 100 iliyonse, imapita ku MRA."

"MRA ndi ya yani?"

"Ya boma."

"Lomwe linakongola kwa ineli?"

"Lomwelo, bambo."

"Ndiye kuti wangongole wandibwezera ndi dzanja lamanja, lamanzere lili m'thumba mwanga."

Mtsikanayo anaseka mwaulemu, n'kuwauza kuti K500,000 yawo sinakhudzidwe, chifukwa msonkho umagwira phindu lokha. Kunena zoona, sanawabere. Lamulo limaona chiwongoladzanja ngati ndalama imene munthu wapeza, ndipo a Hedi omwewo anatha zaka akuuza ana kuti msonkho ndiwo umagula choko ndi mankhwala a kuchipatala. Kungoti nkhani imeneyi imakoma pa bolodi.

Komabe ine ndimati a MRA ali ndi manyazi. Amadula kamodzi, amanena kuti adula zingati, ndipo sabwera kunyumba kudzamwa tiyi. Okhometsa msonkho enieni anali kudikira ku Lifuwu, pakuti wakabaza anali atafalitsa kale kuti mdala watuluka m'banki akusisita thumba la jekete.

Kuno munthu sapempha, kupempha n'kwa anthu osaleredwa. Amangoti odi, n'kukhala pamphasa, n'kufunsa za moyo wa mayi, wa ana, wa zidzukulu za ku Blantyre, za mwendo uja unkavuta chaka chatha. Akatha amati, "Ine ndimangodutsa," ngakhale nyumba ya a Hedi ili kumathero kwa njira, kutsogolo kwake kuli mchenga ndi madzi basi. Pambuyo pake ndi pamene amatsokomola pang'ono.

Alamu anatsokomola za injini ya boti imene yafa. Mphwawo anatsokomola za fizi ya mwana wa Fomu 3, n'kuwakumbutsa kuti udindo wa malume suthera pa penshoni. A komiti ya kutchalitchi anabwera awiri, kudzangowathokozera Mulungu, atanyamula kope. Azakhali ena amene sanaonekeko ngakhale pamaliro a mchimwene wawo anafika ndi lichero la mpunga wa Kilombero, ndipo aliyense akudziwa kuti mphatso yobwera pa tsiku lotere sibwerera yokha. Onse potsanzika ankati kupatsa n'kuika. A Hedi, amene anali atangoona mmene kuika kumathera, ankangoyankha kuti, "Zoona, zoona."

Kudoko nako mtengo unasintha. Mulu wa usipa umene mnzawo wagula pompo, iwo atafunsa unali utakwera. "Inu bwana, mumakongoza boma, mungalire ndi kausipa?"

Usiku mayi a kunyumba anawerenga zotsala pa nyale, nabwereza kuwerenga, osayankhula kanthu. Anangozimanga pansonga ya chitenje, a Hedi akuyang'ana.

Khitchini ija idakali ya udzu. Mayi analembetsa dzina la amuna awo ku banki mkhonde, ndipo pagulu lonselo mwamuna ndi iwo okha. Poti ndi munthu wodziwa za chuma cha boma, amayiwo anawapatsa udindo wosunga kiyi mmodzi mwa makiyi atatu a bokosi. Bokosilo limagona kwa wina.