Supuni ya pa ukwati wathu

Pakhomo panga kuno kwa Njewa woweruza ndine, mboni ndinenso. Shuga akachepa m'chitini, mbuzi ikadya chimanga cha aneba, mlandu umatha ndi mawu amodzi: "Ndaona ndi maso angawa."

Lamulungu lapitali, pochokera ku tchalitchi, ndinapeza patebulo tambula ya galasi, ija timaitulutsa kukabwera alendo okha. Munali madzi, ndipo m'madzimo munali supuni ya pa ukwati wathu, yotsala imodzi mwa zisanu ndi imodzi, itathyoka pakati. Jekete sindinavule. Ndinaitanitsa bwalo pomwepo, ana onse n'kukhala pamkeka, mayi awo ataima pakhomo atagwira m'chiuno.

Mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 anangoimirira n'kuzula supuniyo. Yathunthu! Anaibwezera m'madzi, yathyoka. Anaizulanso, yachira. Ine ndinayamba kale kuganizira anthu awiri atatu a m'mudzi muno amene sagona usiku.

"Bambo, si mankhwala ayi," anatero. "Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi mumpweya. M'madzi kumatsika kufika 225,000, m'galasi 200,000. Kukamawoloka malire mopendekeka, kumakhota. Diso lanu limayesa kuti kwabwera molunjika, ndiye limaika theka la supuni pamene palibe."

Ndinagwedeza mutu ngati munthu wamva, koma chinandilowa mpaka pamene ndinakumbukira ngolo. Ngolo ikamachoka pa tala wa ku Mchinji kulowa mumchenga chammbali, tayala limodzi limayamba kutitimira lina likadali pa tala, ndiye ngolo yonse imapotoka, ng'ombe zisanauzidwe. Ikalowa chamutu, matayala onse amalemedwa limodzi, imangochepa liwiro osakhota. Nditanena zimenezi mwana anati ndakhoza. Ndinayang'ana mayi ake kuti amve bwino.

Anatsegula kope n'kundiuza kuti lamulo lake limatchedwa dzina la Snell, Mdatchi amene analipeza mu 1621. Koma Ibn Sahl wa ku Baghdad anali atalilemba kale cha m'ma 984. Apa ndinamva chisoni chenicheni, chifukwa ndikuidziwa nkhaniyi. Umalima dimba, kuthirira ndi kheni mpaka msana kuuma, pamsika anthu n'kumayamika tomato wa venda.

Zitatero milandu yanga yakale inayamba kudzuka yokha. Mu Okutobala chaka chatha, ndili pa njinga kupita ku Namitete, ndinaona madzi akunyezimira pa tala kutsogolo. Ndinabwerera n'kulengeza pa bawo kuti mvula yagwa kumadzulo, anthu akonze mbewu. Mwana akuti mpweya wotentha wa pamwamba pa tala ndi wopepuka, umakhotetsa kuwala kochokera kumwamba, ndiye chimene ndinaona ndi thambo litagona pamsewu. Anzanga aja mpaka lero akandiona amafunsa za nyengo.

Ngakhale magalasi owerengera Baibulo amene ndinagula kwa venda m'tauni, ntchito yake ndi yomweyo, kukhotetsa kuwala kuti zilembo zigwere pabwino m'diso. Ndiye kuti ndinatulutsa ndalama yanga kugula bodza, n'kulikhazika pamphuno, n'kumawerengera nalo mawu a choonadi.

Koma mwamuna sagwa chagada osatola kanthu. Madzulo ake mayi a ana anayambitsa nkhani ya Lachisanu, tsiku limene ndinatsanzika kuti ndikupita ku msonkhano wa komiti ya mjigo. Iwo akuti ali m'minibasi anandiona pa Mpingu, pamalo ena pamene sipatungidwa madzi.

"Mayi," ndinatero mofatsa, "munandionera pa galasi. Kuwala kumakhota. Ine ndinali kwina, diso lanu linangondiika pamenepo."

Mwana uja, amene fizi yake ndimalipira ndine, anatulukira kuseri kwa chitseko. Akuti galasi lafulati la zenera limakhotetsa kuwala polowa n'kukubweza potuluka, choncho chinthu chimangosuntha mamilimita ochepa. Kuchokera pa mjigo wathu kukafika pa Mpingu mamilimita sangakwane.

"Musavutike ndi masamu, bambo a ana," anatero mayi ake akupakula nsima. "Minibasi ija zenera lake linali pulasitiki yong'ambika. Ndinakuonani ndi maso angawa."