Mmene mungalakwitsire pophunzitsa mwana pakhomo

Ku England kuno, kuchotsa mwana pasukulu kuti aziphunzira pakhomo ndi nkhani ya kalata imodzi. Mumalembera mphunzitsi wamkulu mizere itatu kapena inayi, kunena kuti kuyambira tsiku lakutilakuti mwana wanu aziphunzirira kunyumba, ndipo sukulu imafufuta dzina lake m'kaundula. Makolo ambiri safunika kupempha chilolezo kwa wina aliyense. Ku Scotland n'kumene khonsolo imayenera kuvomera kaye. Gawo 7 la lamulo la Education Act 1996 limaika udindo wa maphunziro a mwana pa kholo, kaya limutumiza kusukulu kaya limuphunzitsa mwa njira ina. Chakumapeto kwa 2024 boma linapeza kuti ana oposa 111,000 akuphunzira pakhomo mu England, pamene chaka cham'mbuyo mwake anali 92,000.

Ndikudziwa mabanja amene ntchito imeneyi akuigwira bwino, ndipo ndimawavulira chipewa. Koma ndinaonanso banja limodzi lachimalawi, lomwe ndimalikonda, likuyenda njira yolakwika kuchokera poyambira mpaka pothera, ine ndili duu poopa kulowerera za eni. Mayi wa banjalo timapemphera limodzi ndipo ndimawatcha achemwali. Anandilola kunena izi bola ndisatchule dzina. Chilichonse chimene anachita chinali ndi chifukwa chomveka, ndipo chifukwacho chinali chikondi. Ndikuiyala njirayo monga mmene imayendedwera, kuti amene wayamba kuiponda aizindikire asanapite patali.

Gamulani nkhaniyi mutapsa mtima. Mnyamata wa achemwali, wa zaka 14, anabwera kunyumba jekete ya yunifolomu itang'ambika paphewa. Anzake anakhala akumunena kwa miyezi chifukwa cha kalankhulidwe kake, tsiku limenelo anabwezera, ndipo sukulu inalanga mbali zonse ziwiri mofanana. Achemwali amagwira ntchito yosamalira okalamba, shifiti ya usiku. Kalatayo anailemba pafoni ali m'basi, manja akunjenjemera, n'kuitumiza asanatsike. Mnyamatayo anamva m'mawa mwake kuti sukulu waleka.

Potero musapemphe kukumana ndi aphunzitsi, musatsate ndondomeko yodandaulira yomwe sukulu iliyonse ya boma imayenera kukhala nayo, ndipo musafunse za kusamutsira mwana kusukulu ina. Safunsa anadya phula: dzina likangochoka m'kaundula, malo aja salinso anu, ndipo mukafuna kubwerera mumapempha mwatsopano ngati mlendo. Kulakwitsa kwina kowawa ndi kuvomera msanga pamene wa kusukulu akukunong'onezani kuti ndi bwino mungomutenga mwana asanachotsedwe, kuti mbiri yake isade. A Ofsted, amene amayendera sukulu, mchitidwe umenewu amautcha off-rolling ndipo amaudzudzula. Sukulu ikamuchotsa yokha mwana, khonsolo imakakamizidwa kumupezera maphunziro kuyambira tsiku lachisanu ndi chimodzi. Mukamuchotsa nokha, palibe amene ali nanu ngongole: mabuku, aphunzitsi ndi mayeso, zonse zili pamutu panu.

Kenaka iwalani kuyang'ana kalendala. Mwana wa zaka 14 ali mu Year 10, chaka choyamba cha zaka ziwiri za GCSE, ndipo mayeso amalembedwa mu Meyi ndi Juni wa Year 11. Wophunzira pakhomo amalemba ngati aja kwathu a MANEB amawatcha external. Kholo limasaka lokha malo ovomerezeka olemberako, limalipira phunziro lililonse palokha, kawirikawiri ndalama zopitirira £100, ndipo limayenera kulembetsa pofika pa 21 Febuluwale. Mukachedwa mtengo umakwera. Maphunziro amene mbali ina ya malikisi imachokera ku ntchito yoonedwa ndi mphunzitsi, monga zojambula, nyimbo ndi zisudzo, ndi ovuta kwambiri kuwapezera malo. Mabanja ambiri amatembenukira ku IGCSE ya Pearson Edexcel kapena ya Cambridge chifukwa maphunziro ake ambiri amathera pa mayeso olemba, koma silabasi yake ndi ina. Mnyamata wa achemwali anatha miyezi isanu akuwerenga mabuku a mayeso a bungwe la AQA omwe anachoka nawo kusukulu, osadziwa kuti mayeso amene adzawapeze safunsa zomwezo. Ndipotu giredi 4 m'Chingerezi ndi masamu ndiyo imatsekula makomo ambiri a koleji, m'dziko limene lamulo limafuna kuti wachinyamata akhale akuphunzira kapena kusulidwa ntchito mpaka zaka 18.

Poti wamkulu ali kale pakhomo, chotsaninso wamng'ono. Achemwali anatero ndi kamtsikana kawo ka zaka zisanu, kamene kusukulu kanalibe vuto ndi munthu. Apa kulakwitsa kumatembenuka: wamkulu uja amene amafunika ndondomeko yokhwima mumamusiya aziona yekha, wamng'ono amene amafunika kusewera mumamugulira desiki n'kumulembera ndandanda ya 8 koloko mpaka 3 koloko. Lamulo silinena kuti pakhomo muzitsata maola a sukulu kapena silabasi ya boma. Mwana wa msinkhu umenewu amafuna womuwerengera nthano, womuphunzitsa kamvekedwe ka zilembo pang'onopang'ono, ndi ana anzake okangana nawo n'kugwirizananso.

Apa m'pamene ife obadwira kumudzi timanamizidwa ndi zimene timakumbukira. Kwathu, mwana amene sanapite kusukulu lero sali yekha. Pabwalo pali anzake a phada ndi fulaye, pakhonde pali agogo, mayi a nyumba yoyandikana amamutuma mchere n'kumudzudzula akapanda kupereka ndi manja awiri. Pakhomo pa kuno ndi zipinda ziwiri pamwamba pa shopu, chitseko chokiya, ndipo mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko. Mayi abwera m'mawa ku shifiti, ayenera kugona. Mphunzitsi amasanduka tabuleti, ndipo mnyamata wa mayeso uja amasanduka mlezi. Ndinapitako tsiku lina cha m'ma 11 koloko. Makatani anali otseka kuti amayi agone, kamtsikana kali pansi ndi tabuleti mawu atatsitsidwa, mnyamata akukazinga mazira monyang'ama. Buku la masamu linali lotsekula patsamba lomwelo limene ndinaliona sabata yapitayo. Musakumbukirenso kuti katemera wina, monga wa HPV mu Year 8, amaperekedwa kudzera kusukulu, kotero kuti wa pakhomo amafunika kumufunsira mwapadera.

Tsopano tafika pamene ndinalephera kugona. Mukachotsa ana kusukulu, anthu amafunsa. Azakhali a ku Ndirande amafunsa, apongozi amafunsa, a kutchalitchi amafunsa ndi maso. Mumtima mwanunso muli kamawu kofunsa. Kuti onsewa akhale chete, yambani kuwaonetsa umboni pafoni.

Jambulani mwana akuphunzira kuwerenga. Ndinalipo tsiku lina achemwali akujambula. Kamtsikana kanakakamira pa liwu limodzi, chala chili pansi pake, milomo ikuyesa. Amayi anati, "Yambiranso, mwanawe, apa sizinatuluke bwino." Kanayambiranso. Kachitatu misozi inalengeza, kanayang'ana foni, kanayang'ana amayi, n'kumeza. Kachinayi kanawerenga mosaphonya, chifukwa tsopano kanali kataloweza, ndipo vidiyo imeneyo ndi imene inapita pa sitetasi ya WhatsApp ndi pa Facebook. Mayamiko anabwera ambiri. Koma kuphunzira kuwerenga kumafuna malo olakwitsirako popanda woonerera, ndipo malo amenewo mwanayo anali atalandidwa m'nyumba mwake momwe.

Onetsaninso ndandanda yonse, kuti aone kuti simukusewera: Lachiwiri 10 koloko kulaibulale, Lachinayi kosambira, Lachisanu kupaki yakuti. Jambulani pakhomo pooneka nambala ya nyumba. Ikani satifiketi yokhala ndi dzina lonse la mwana, ndipo pa tsiku lake lobadwa lembani zaka zimene wakwanitsa. Mukatero mwauza aliyense kumene mwana wanu amapezeka ndi ola lake, komanso mwapereka dzina, tsiku lobadwa ndi kumene amakhala, zinthu zomwe a banki adzamufunsa akadzakula pofuna kutsimikiza kuti ndi iyeyo. Dzilimbitseni mtima kuti sitetasi imafufutika pakatha maola 24, osaganiza za amene waijambula pa sikirini yake. Gulu la WhatsApp limatha kukhala ndi anthu mpaka 1,024, ndipo aliyense angathe kutumiza chithunzi kwina. Chimene mwaika ku Leicester madzulo, m'mawa chili ku Area 25 ndi ku Johannesburg m'mafoni a anthu amene simunawaonepo. Mu 2023 bungwe la Internet Watch Foundation la ku Cambridge linachenjeza kuti anthu oipa ayamba kugwiritsa ntchito AI popanga zithunzi zonyansa za ana. Dziko la France mu Febuluwale 2024 linafika pokhazikitsa lamulo lakuti kuteteza chithunzi cha mwana ndi udindo wa makolo onse awiri, ndipo mwanayo azifunsidwa molingana ndi msinkhu wake. Madzi akatayika saoleka.

Choposa zonse, kafunseni nzeru pagulu za mavuto a wamkuluyo. Achemwali analemba m'gulu la azimayi, mtima uli pansi ndithu, kupempha mapemphero. Anatchula sukulu ija, anafotokoza za jekete, ananena kuti mnyamatayo sagona usiku ndipo nthawi zina amamumva akulira. Mmodzi wa azimayiwo ali ndi mwana pasukulu yomweyo. Sanachite mwankhanza, anangowerenga uthengawo mokweza kukhitchini, mwana wake akumva. Pasanathe sabata, anyamata aja amene anamung'ambira jekete anali atamupeza pa Snapchat, ndipo tsopano anali ndi chonena chatsopano. Mayi anamuchotsa m'manja mwawo ndi kalata imodzi, n'kumubwezeramo ndi uthenga umodzi.

Za foni ya mnyamatayo, njira zolakwika ndi ziwiri, ndipo makolo ambiri timayenda zonse mosinthanitsa. Yoyamba ndi kumusiya nayo tsiku lonse poti akuwerengerapo. Muthandizeninso kunamiza chaka chobadwa potsekula akaunti. Malire a zaka 13 a Facebook, Instagram ndi TikTok anayambira ku lamulo la ku America la COPPA la 1998, ndipo pamwamba pa malirewo pali zotchinga zina zimene zimadalira zaka zomwe mwalemba. TikTok salola osakwana zaka 16 kutumizirana mauthenga a paokha, ndipo kuyambira Seputembala 2024 Instagram inayamba kuika achinyamata m'maakaunti otsekeka kwa alendo. Mwana amene mwamulembera kuti ali ndi zaka 21 mwamuchotsera zotchinga zonsezi. Musayang'anenso ngati Snap Map ya pa Snapchat ikuonetsa anzake pamene ali. Njira yachiwiri ndi kulanda foniyo mwaukali, kapena kuwerenga mauthenga ake mobisa iye akusamba, pamene foniyo ndiyo yokha yamutsalira yomulumikiza ndi a msinkhu wake.

Mu Epulo 2024, bungwe lolimbana ndi umbanda la National Crime Agency linatumiza chenjezo kwa aphunzitsi m'dziko lonse la Britain za achifwamba amene amadzionetsa ngati atsikana, kunyengerera achinyamata kutumiza zithunzi zamaliseche, kenaka n'kuwaopseza kuti azimwaza akapanda kulipira. Ambiri ogwidwa mumsamphawu ndi anyamata a msinkhu wa mwana wa achemwali. Chenjezolo linapita kwa aphunzitsi. Mnyamata wa pakhomo mphunzitsi wake ndi inu, ndiye ngati simunalimve, iyenso sanalimve. Ndipo chimene chimapulumutsa mwana wogwidwa choncho ndi kuthamangira kwa wamkulu n'kuulula msanga. Adzathamangira bwanji kwa mayi amene anaika misozi yake m'gulu la anthu mazana? Mnyamatayo sizinamuchitikire izi, tithokoze Mulungu. Koma tsiku lina ndikumuperekeza kokwerera basi anandiuza, maso ali pansi, "Anti, ine kunyumba sindinenanso kanthu. Chilichonse chimathera pafoni."

Kalata ya khonsolo ikabwera yofunsa mmene ana akuphunzirira, ibiseni m'kabati poopa kuti ikhudza mapepala anu okhalira m'dziko. Khonsolo ikaona ngati mwana sakulandira maphunziro oyenera, gawo 437 la Education Act 1996 limaipatsa mphamvu yolamula kuti alembetsedwe kusukulu, ndipo kukhala chete kumangokulitsa chikaiko. Achemwali anayankha kalata yachiwiri, ine nditakhala pambali pawo.

Mu Febuluwale wotsatira tinakhala patebulo la kukhitchini masiku atatu, tikuimba mafoni kusaka malo olembera mayeso. Tinawapeza m'tauni ina, ulendo wa mabasi awiri, ndipo ndalama zinakwanira maphunziro anayi okha. Usiku wa tsiku lomaliza achemwali anatenga foni n'kuyamba kufufuta, chithunzi ndi chithunzi, kubwerera m'mbuyo chaka ndi theka. Anati, "Achemwali, ine ndimafuna kuwateteza ana anga." Ndinati ndikudziwa, ndipo ndinapepesa kuti ndinachedwa kulankhula. Analembera azakhali ndi apongozi kuwapempha kuti nawonso afufute. Ena anayankha, ena ayi.

Kamtsikana kanabwerera kusukulu teremu yotsatira, sukulu ina yakutali ndi ija yoyamba. Madzulo amayi akatenga buku, kamayamba kafunsa, "Amayi, mujambula?" Iwo amadzuka, kukaika foni pamwamba pa firiji, n'kubwerera ndi manja opanda kanthu, ndipo pamenepo m'pamene kamaika chala pansi pa liwu loyamba.