Mkulu wa danga lino akayendera sukulu ya kwawo

Chitsirizira atakwanitsa zaka 6, m'nyumba mwa mkulu wa danga lino munabuka mkangano. Mayi a kunyumba ankati mwanayo akayambe pa sukulu ya boma ya komweko ku Ndirande, imene belu lake limamveka munthu ali pakhonde. Mkuluyu anakana kwamtuwagalu. Mwana wake, iye anatero, anatengera mutu wa bambo ake, ndipo malo omuyenera ndi ku pulayiveti kumene ana amavala tayi n'kumapempha madzi akumwa m'Chingerezi. Mayiwo sanatsutse. Anangofunsa kuti fizi yake ili m'thumba liti, poti eni nyumba anali atagogoda kale kawiri mwezi umenewo.

Mwamuna sagonja poyera. Mkuluyu analengeza kuti ayamba wakaiyendera sukuluyo, akaipatse malikisi, ndipo ikalephera asadzamvenso dzina lake m'nyumbamo. Lolemba m'mawa anavala jekete ya pa kaunjika ija amaisungira maliro ndi zinkhoswe, anagula kope latsopano ndi cholembera chofiira, nauyatsa.

Owerenga adziwe kuti munthuyu si mlendo pa zamaphunziro. Ndi mmodzi mwa ana amene anakhamukira m'makalasi mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale. Chaka chimenecho chiwerengero cha ana asukulu chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linachita kulemba aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapite kukoleji. Mkuluyu anaphunzira a, e, i pansi pa mtengo wa mango, ndipo Sitandade 8 anaikonda kwambiri moti anakhalamo zaka zitatu. Ukadaulo wake wonse ndi umenewo.

Cholakwa choyamba anachipeza asanalowe n'komwe. Sukuluyo ilibe mpanda, ndipo njira yachidule yopita kumsika imadula pakati pa bwalo lenileni, pomwe ana amapangira asembule. Anthu osenza makala, akabaza, ngakhale mbuzi, onse amadutsa pomwepo. Analemba ndi zilembo zazikulu kuti anthu a m'derali alibe ulemu ndi maphunziro. Atatseka kope m'pamene anakumbukira kuti njirayo ndi imene iye amadzera m'mawa uliwonse, ndipo kawiri konse anakalipirapo ana kuti akumutchinga.

Kenako anasuzumira mu Sitandade 1. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana osapitirira 60. Mkuluyu anayamba kuwerenga mitu kuchokera kukhomo, nadutsa 60 asanafike pakati pa chipinda, nadutsa 100, kenako kamnyamata kena kanasuntha ndipo chiwerengero chonse chinabalalika. Madesiki munalibe. Ana anakhala pasimenti miyendo ili tambalale, wina kumsana kwa mnzake ngati anthu a m'bwato, kope lili pabondo. Kutsogolo kunali madamu mmodzi yekha, choko m'manja, mawu atasasa kale nthawi isanakwane 9 koloko.

Apa cholembera chofiira chinayamba chazengereza. Madamuwo anaombetsa m'manja katatu, chipinda chonse chinati zii. Analemba "ma" ndi "ta" pabolodi, ana n'kuziphatikiza mokuwa mpaka malata kunjenjemera. Anaitana mwana wa kumbuyo kwenikweni ndi dzina lake, namufunsa chifukwa chake sanabwere Lachisanu, ndiponso ngati agogo ake atuluka m'chipatala. Mkulu wa danga lino ali ndi ana atatu okha, koma akafuna kutuma mmodzi amatchula mayina onse atatu, nthawi zina ndi la galu lomwe, asanafike pa loyenera. Pa mfundo imeneyi sanalembe kanthu. Anangoyang'ana kudenga ngati akuyeza malata.

Fungo linamukokera kuseri kwa makalasi, kumene amayi ankatakasa phala m'miphika ikuluikulu. Ndi phala lija la ufa wa chimanga ndi soya limene bungwe la Mary's Meals linayamba kupereka kuno ku Malawi mu 2002, ndipo lero limadyetsa ana oposa 1 miliyoni m'dziko muno. Ufa umachokera kubungweko, koma manja ophika ndi a makolo, ndipo salipidwa. Ana anali pamzere, aliyense ndi kapu yake, ena atachita kuimangirira pakhosi ndi chingwe kuti isasowe. M'nyumba zambiri za kuno m'mawa simusonkhedwa moto, choncho kapu imeneyi ndi imene imadzutsa mwana kuposa belu. Amayiwo ataona jekete ndi kope anaganiza kuti kwabwera a PEA, alangizi a zamaphunziro aja amayendera sukulu za m'zoni, ndipo anamupatsa mpando ndi phala lodzadza kapu. Mkuluyu sanawawongole. Anati woyendera weniweni amayenera kulawa, ndipo analawa kawiri.

Ulemerero unatha pomwe mayi wina anamuyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Kodi si bambo a kuseri kwa chigayo awa? Tsiku lanu la nkhuni linali mwezi watha, bambo."

Kuzimbudzi sanachedweko. Ndi zochepa, zina zilibe zitseko, ndipo pakhomo pali ndowa yokhala ndi kampopi, yosambira m'manja. Ndowa zoterezi anthu a mu Blantyre saziseka, chifukwa akukumbukira Januwale wa 2023 pamene sukulu za mumzindawu ndi za ku Lilongwe zinachedwa kutsegulira kaamba ka kolera. Patangopita miyezi iwiri kunabwera namondwe wa Freddy, ndipo makalasi ambiri a mumzinda muno anasanduka pogona pa mabanja amene nyumba zawo zinakokoloka. Sukulu ya boma ya m'tauni imasenza zambiri zimene sizilembedwa pa lipoti la mwana.

Pakhoma la ofesi ya ahedi panali pomata zotsatira za mayeso a Sitandade 8, amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB. Apa mkuluyu anadzimva kuti wafika pamunda pake. Anatsata mayina ndi chala. Okhoza analipo ambiri ndithu, koma osankhidwira ku sekondale zogonera komweko anali owerengeka, ndipo gulu lalikulu linapita ku ma CDSS, sekondale zoyendera zija. Anapukusa mutu mokweza kuti ahedi amve. Ahediwo anatuluka, namupatsa moni, namufotokozera modekha kuti kukhoza ndi kusankhidwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, chifukwa malo a Fomu 1 m'dziko muno ndi ochepa kuyerekeza ndi ana amene amakhoza. Mkuluyu anagwedeza mutu ngati akumva zachilendo, chonsecho nkhaniyi amaidziwa ndi thupi lake lomwe. Katatu konse anakaima pakhoma ngati lomweli, dzina lake osaoneka.

"Tiyeni tilowe, bambo," anatero ahedi. "Paja mwana wanu wamkulu ali kalasi yanji?"

Inde, owerenga, pa sukulu imene ankaiyenderayi panali kale mwana wake. Anamulembetsa ndi amayi ake kalekale, bambo ali otanganidwa ndi kulongosola za boma pa bawo.

"Sitandade 5," anayankha molimba mtima.

Ahedi anatsegula kaundula. Mtsikanayo ali Sitandade 7, ndipo temu yatha anakhala nambala 4. Anatsegulanso buku lachiwiri, la ndalama ya chitukuko imene makolo anagwirizana okha kuti azisonkha yolipirira mlonda ndi madzi. Pa dzina la mkuluyu panali poyera ngati mbale yotsukidwa. Buku lachitatu linali la misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi. Siginecha ya mayi a kunyumba inali pa tsamba lililonse, pomwe ya bambo ahedi anati angakonde kuiona kuti aidziwe maonekedwe ake. Zonsezi ankazinena akumwetulira, ndipo n'zimene zinawawa kwambiri.

Pofuna kupulumutsa ulemu wotsalawo, mkuluyu anatulutsa kope lake nalengeza kuti sukuluyo yapeza 58 pa 100. Madamu a Sitandade 1 aja anali atalowa kudzatenga choko. Anasuzumira pa tsambalo, napempha cholembera chofiira chija, nawonkhetsanso manambala a mkuluyu imodziimodzi. Zinakwana 68. Anazunguliza pamene anaiwala kusunga khumi, nalemba m'munsi mwake kuti ayesenso.

Chitsirizira anayamba sukulu Lolemba lotsatira, kapu ili pakhosi, ndipo pofika Lachisanu ankadziwa kulemba "amama". Za "ababa" madamu akuti zibwera. Mkulu wa danga lino tsopano amazungulira kumsewu popita kumsika, ngakhale kumatalika, ndipo amuika pa ndandanda wa nkhuni Lachinayi lililonse mpaka ngongole ithe. Amene akugulitsa nkhuni zouma motchipa cha ku Ndirande amudziwitse kudzera pa danga lino lisanafike Lachitatu madzulo.